Tifunseni: Thandizo la maphunziro a kunja, loona ndi lonama

Zotsatira za mayeso a MSCE zikangotuluka, makalata ofunsa za maphunziro a kunja amachuluka kuposa ena onse amene timalandira, ndipo ulendo uno ambiri achokera m'maboma a Salima ndi Nkhotakota. Tasankhapo anayi. Monga mwa chizolowezi cha tsamba lino, maina a eni makalata sitiwatchula.

FUNSO: Alangizi, ine ndine msodzi wa ku Senga Bay. Mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, wakhoza MSCE ndi mapointi 11, ndipo mtima wake uli pa maphunziro a zaumoyo. Pa Facebook anadziwana ndi bambo wina amene akuti ndi nthumwi ya yunivesite ya ku Canada. Bamboyo watitumizira kalata pa WhatsApp yonena kuti mwanayo wapatsidwa sikolashipu yolipira zonse, koma akuti titumize K900,000 pa Airtel Money sabata ino isanathe kuti amusungire malo ndi kumukonzera viza. Ndalamazo ndilibe pokhapokha nditagulitsa injini ya boti. Mayi ake akuti tigulitse basi, mwayi sudikira munthu. Ndichite bwanji? Ndine bambo wa ana asanu, Senga Bay.

YANKHO: Bambo, choyamba ndikuyamikireni inu ndi mayi a kunyumba chifukwa cholera mwana mpaka kufika pamenepa. Mapointi 11 sabwera mwangozi, makamaka kwa mtsikana wokulira kunyanja kumene anzake ambiri amasiyira sukulu panjira. Koma injiniyo musagulitse, ndipo munthuyo musamutumizire ngakhale tambala.

Zimene mwafotokozazi zikukwanira kuti ndinene mosakayika kuti mwakumana ndi kamberembere. Palibe yunivesite yodziwika imene imapereka thandizo kwa mwana amene sanadzazepo fomu yake, sanatumizepo zotsatira za mayeso ake zotsimikizidwa ndi chidindo, ndiponso sanalembepo nkhani yofotokoza za moyo wake ndi zolinga zake. Thandizo lolipira zonse amalimbirana ana a m'maiko ambiri kwa miyezi ingapo, ndipo silingagwere munthu amene anangocheza ndi mlendo pa foni. Viza nayonso sikonzedwa ndi dobadoba; wophunzira amaifunsira yekha ku boma la dziko limene akupitako, ndipo ndalama yake amalipira ku boma lomwelo n'kulandira lisiti. Changu chimene akukupatsanicho, choti sabata ino isanathe, cholinga chake n'chakuti musapeze mpata wofunsa aphunzitsi aakulu a kusukulu ya mwanayo kapena wina aliyense wodziwa zinthuzi.

Ngati mayi a kunyumba akukayikabe, khalani pansi nonse atatu ndipo muchite izi. Lembani nambalayo pa foni ngati kuti mukutumiza ndalama, koma musanaike nambala yanu yachinsinsi, werengani dzina limene likuoneka. Mudzapeza dzina la munthu wamba wa konkuno, osati la yunivesite. Kenaka onani adiresi ya imelo imene ili pa kalatayo: ya yunivesite ya ku Canada kawirikawiri imathera ndi .ca, ya ku Britain ndi .ac.uk, ya ku South Africa ndi .ac.za, pamene ya wakuba imathera ndi gmail.com ngati ya wina aliyense. Pomaliza, mwanayo alembere ku ofesi yolandira ophunzira ya yunivesiteyo pa adiresi imene waipeza yekha pa tsamba lawo la pa intaneti, osati imene wapatsidwa ndi bamboyo. Nambala ndi kalatayo mukazionetse kupolisi, pakuti munthu wotere salembera banja limodzi lokha.

Pali china chimene chimandidetsa nkhawa kuposa ndalamazo, popeza uyu ndi mwana wamkazi. Ena mwa anthu otere salekera pa kuba ndalama, amamunyamuladi mwana n'kupita naye. Mu 2024 atolankhani a Associated Press anafalitsa za atsikana a mu Africa muno amene anakopedwa pa intaneti ndi lonjezo la maphunziro ndi ntchito ku Russia, koma atafika kudera la Tatarstan anapezeka akugwira ntchito m'fakitale yopanga ndege zankhondo zouluka popanda woyendetsa. Mwana akafika kumalo kotero, wosadziwa chinenero cha kumeneko komanso wopanda ndalama ya tikiti, kumubweza kumakhala kovuta kwambiri.

Tsopano tikambe za njira zoona, chifukwa mwanayo akufunabe sukulu. Pali mfundo ziwiri zimene makolo ambiri sauzidwa. Yoyamba ndi yakuti kunja MSCE imawerengedwa pa mlingo wa O-Level. Ku Britain mwana amaphunzira zaka zina ziwiri za A-Level asanalowe yunivesite, choncho mayunivesite ambiri a kumeneko salandira MSCE yokha, koma amafuna A-Level, kapena chaka chokonzekera chimene chili ndi fizi yakeyake. Ku South Africa nakonso wofuna digiri yoyamba ayenera kupeza kaye satifiketi ya chilolezo kuchokera ku Matriculation Board ya bungwe la Universities South Africa. Mfundo yachiwiri ndi yakuti thandizo lotchuka limene mumamva anthu akulitchula, monga Chevening ndi Commonwealth la ku Britain, Fulbright la ku America ndi DAAD la ku Germany, mbali yaikulu ndi la anthu amene ali kale ndi digiri yoyamba. La ana ongomaliza Fomu 4 lilipo koma n'lochepa, ndipo la maphunziro a udokotala n'lochepetsetsa.

Lochepalo mwana wanu aliyese, chifukwa kufunsira kwake sikudya injini ya boti. Pulogalamu ya Mastercard Foundation Scholars, imene inayamba mu 2012, imalipira fizi, malo ogona, chakudya ndi ulendo kwa ana anzeru ochokera m'mabanja osowa, ndipo munthu amafunsira mwachindunji ku yunivesite imene ikugwira nawo ntchito, monga Ashesi ku Ghana, Makerere ku Uganda kapena University of Cape Town, iliyonse ndi malamulo ake. Boma la Turkey limatsegula Türkiye Bursları mu Januwale n'kutseka mu Febuluwale. Ofuna digiri yoyamba ayenera kukhala osakwana zaka 21, ndipo chaka choyamba chonse amaphunzira chinenero cha kumeneko. Maboma a China, India ndi Japan nawo amapereka malo kudzera m'maofesi a akazembe awo ku Lilongwe, ndipo amalengeza poyera. Palinso njira yodzera m'sukulu za zaka ziwiri zokonzekeretsa ana kulowa mayunivesite akuluakulu, monga United World Colleges ndi African Leadership Academy ya ku Johannesburg. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anatchuka popanga makina a mphepo opatsa magetsi, anadutsa pa African Leadership Academy asanakalowe ku Dartmouth College, kumene anamaliza mu 2014. Ku America mayunivesite ochepa olemera, monga Harvard, Yale, Princeton ndi MIT, amalipirira mwana aliyense amene amulandira molingana ndi kusowa kwa banja lake, ndipo uphungu wa EducationUSA, ofesi ya boma la America yolangiza ofuna kukaphunzira kumeneko, ndi waulere. Koma malamulo a viza ya dzikolo kwa Amalawi akhwima kuyambira mu 2025, motero afunse kaye ku ofesi ya kazembe asanawononge nthawi ndi ndalama.

Maganizo anga enieni ndi awa, Bambo. Mwana wa mapointi 11 afunsire malo m'mayunivesite a boma kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, aike KUHeS (yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu) kapena Mzuzu University ngati mtima wake ulidi pa zaumoyo, ndipo akasankhidwa apemphe ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board. Pali anthu amene amaona kuphunzira kuno ngati kulephera, ndipo ine sindigwirizana nawo m'pang'ono pomwe. Digiri yabwino ya kuno ndiyo imene ofesi za Chevening, Commonwealth ndi DAAD zidzafune kuona mwanayo akadzafika pofunsira digiri yachiwiri, ndipo pa zaka zinayi kapena zisanu zimene adzakhale pa sukuluzo, ndalama ya sopo, ya lendi ndi ya thiransipoti idzachokera m'boti lomwelo.

FUNSO: Alangizi, ndine mlangizi wa zaulimi wa boma ku Nkhotakota, ndipo ndimagwira ntchito ndi alimi a mpunga a m'mbali mwa mtsinje wa Bua. Ndili ndi digiri ya ku LUANAR ndipo ndagwira ntchito zaka 5. Ndafunsira Chevening kawiri koma sindinaitanidwepo kukafunsidwa pamaso, ngakhale ndimalemba momveka kuti ndimakonda dziko langa ndipo ndikufuna kuthetsa umphawi. Anzanga akuti zinthu izi zimayenda ndi kudziwana. Kodi ndisiye? Ntchito yanga ndi ya kumudzi chabe. Chachikulu chimene ndachitapo ndi kusonkhanitsa alimi kuti tikumbenso ngalande zimene zinakwiririka ndi mchenga madzi atasefukira. Ndine mayi wa ku Nkhotakota.

YANKHO: Mayi, musasiye, ndipo za kudziwanazo musazimvere. Chevening, imene boma la Britain linayambitsa mu 1983, imalandira mafomu masauzande ambirimbiri chaka chilichonse kuchokera m'maiko oposa 100, ndipo mafomuwo amayamba awerengedwa ndi makomiti oima paokha asanafike ku ofesi ya kazembe imene imasankha oitanidwa. Zofunika zoyambirira muli nazo kale, zomwe ndi digiri ndi zaka ziwiri za ntchito, zimene iwo amaziwerenga ngati maola 2,800. Pamene pakuvuta ndi pa nkhani zinayi zimene wofunsira amalemba, ndipo kalata yanu yandionetsa pamene penipeni.

Mawu akuti mumakonda dziko lanu ndipo mukufuna kuthetsa umphawi, wowerenga amakhala atawaona kale kambirimbiri tsiku lomwelo, ndipo samuuza kanthu za inu. Nkhani ya ngalande imene mwaitchula mochepetsa kumapeto kwa kalata yanuyo, imeneyo ndiyo akufuna. Ilembeni monga inachitikira: ngalandezo zinakwiririka mwezi uti, mbande za mpunga zinali zitafika pati panazale, alimi a kumtunda ndi a kumunsi anasemphana pa chiyani, munakhala pansi ndi mafumu angati, amene anakana poyamba kugwira fosholo munawatembenuza ndi mawu otani, ndipo pamapeto pake ndi mahekitala angati amene analandira madzi. Manambala akhale oona, oti mungathe kuwaikira kumbuyo mukafunsidwa pamaso. Akamafunsa za utsogoleri amatanthauza zoterezi, munthu amene anayendetsa gulu la anthu popanda alawansi yowapatsa. Ambiri a ife tinaleredwa kuti kudzitchula wekha ndi kudzitama, ndipo khalidwe limenelo ndi labwino pamudzi, koma pa fomu iyi mukalemba kuti tinachita m'malo mwa ndinachita, wowerenga sadziwa gawo lanu.

Makosi atatu amene mumasankha aonetse kuti ndi a munthu mmodzi wodziwa chimene akufuna, monga ulimi wamthirira ndi kasamalidwe ka madzi, osati ulimi apa, malonda apo, ubale wa maiko uko. Lamulo lawo n'lakuti mukamaliza mubwerere kuno kwa zaka zosachepera ziwiri, motero fotokozani chimene mudzayambe kuchita chaka choyamba mukadzabwerera ku Bua. Musakopere nkhani za amene anapambana kale, ndiponso musalembetse makina a kompyuta, chifukwa zimenezi zimachotsetsa munthu pa mpikisano. Okulemberani makalata a umboni akhale anthu amene anakuonani mukugwira ntchito kapena mukuphunzira, osati bwana wamkulu amene sadziwa ngakhale nkhope yanu, ndipo muwapemphe kudakali miyezi.

Musadalirenso Chevening yokha chaka ndi chaka. Commonwealth, imene inayamba mu 1959, ili ndi njira yodzera ku boma lathu, ku dipatimenti yoona za ogwira ntchito m'boma ya DHRMD ku Lilongwe, ndi ina yotchedwa Shared Scholarship imene imadzera ku yunivesite. DAAD ili ndi makosi ophunzitsidwa m'Chingerezi okhudza ulimi, madzi ndi chitukuko, a anthu amene agwira ntchito zaka ziwiri. Ireland Fellows Programme imalandira Amalawi kudzera ku ofesi ya kazembe wa Ireland, pamene Beit Trust imathandiza nzika za maiko atatu okha, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, kotero kuti opikisana nawo amachepa. Erasmus Mundus ya maiko a ku Ulaya imapereka mayuro 1,400 pa mwezi. Ndipo popeza ndinu wogwira ntchito m'boma, nkhani ya tchuthi cha maphunziro muiyambe ndi akuluakulu anu pamene mukufunsira, osati tikiti ya ndege itafika kale.

FUNSO: Alangizi, mwana wanga wamwamuna ali ndi digiri ndipo walandiridwa ku yunivesite ina ya ku Britain kukachita digiri yachiwiri. Fizi ndi mapaundi 16,000, koma amuchotsera theka ngati sikolashipu. Akufuna alipire kaye ndalama yosungitsira malo. Tikuganiza zokongola ku banki mkhonde ndi kupempha malume ake a ku Johannesburg, ndipo iye akuti zotsalazo azikapeza pogwira maganyu komweko. Ndine mayi wa ku Dwangwa.

YANKHO: Mayi, kalata ya mwana wanu ikhoza kukhala yoona ndithu, koma chimene wapatsidwacho ndi kuchotseredwa mtengo, ndipo mayunivesite ambiri amachita zimenezi pofuna kukopa ophunzira olipira okha. Kuchotseredwa theka la mtengo wa thirakitala sikuthandiza mlimi amene m'thumba mwake muli ndalama ya khasu. Tiyeni tiwerenge pamodzi. Fizi yotsala ndi mapaundi 8,000. Kuti apatsidwe viza ayenera kuonetsanso ndalama yodyera ndi yogonera yoposa mapaundi 1,100 pa mwezi kwa miyezi 9 ngati yunivesiteyo ili kunja kwa London, zimene zikupitirira mapaundi 10,000. Zonse pamodzi ndi mapaundi oposa 18,000, pafupifupi K40 miliyoni pa mtengo wa kubanki wa mu 2025, ndipo ndalamazo ziyenera kukhala mu akaunti masiku 28 otsatizana asanafunsire. Pamwamba pa izi pali ndalama ya viza, msonkho wa chipatala wa mapaundi 776 pa chaka, kuyezetsa chifuwa chachikulu, ndi tikiti ya ndege. Mukudziwanso mmene ndalama zakunja zikuvutira kupeza m'mabanki athu, ndiponso kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, moti amene anali ndi ngongole ya mapaundi anadzuka m'mawa ngongoleyo itakula.

Za maganyu asadalire. Wophunzira amaloledwa kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ikakhala mkati, ndipo ndalama yake imathera pa lendi ndi chakudya. Akapitirira maolawo amakhala waphwanya malamulo a viza, ndipo akalephera kumaliza fizi yunivesite imakana kumupatsa satifiketi, pamene inu kuno anzanu a banki mkhonde akukudikirani pakhomo.

Asanalipire kalikonse alembere yunivesiteyo n'kufunsa zinthu ziwiri: ngati ndalama yosungitsira malo imabwezedwa viza ikakanika, ndiponso ngati angamusungire malowo mpaka chaka chamawa. Ambiri amavomera kusunga, ndipo kalata yomulandirayo ingamuthandize pofunsira thandizo lolipira zonse. Ayang'anenso ku South Africa, kumene chifukwa cha pangano la maphunziro la SADC la mu 1997, Mmalawi amalipira fizi yofanana ndi ya nzika za kumeneko, kungowonjezerapo ndalama ya ophunzira akunja. Kumeneko kuli thandizo la Canon Collins ndi la Mandela Rhodes, komanso malume ake ali pafupi. Ku Germany mayunivesite ambiri a boma salipiritsa fizi, koma boma limafuna kuona ndalama yodyera ya chaka chonse mu akaunti yapadera, ndipo mu 2025 inali mayuro 11,904.

FUNSO: Alangizi, ndili Fomu 3 pa sukulu yoyendera kwathu kuno, ndipo ndimalakalaka kudzaphunzira kunja. Kodi ndiyambe kukonzekera chiyani panopa? Ena akuti ndilembe mayeso a Chingerezi a IELTS ndi kupangitsa pasipoti. Ndine mnyamata wa ku Khombedza.

YANKHO: Mwana wanga, wafunsa nthawi yabwino. IELTS usalembe panopa, chifukwa ndi yokwera mtengo ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha. Udzalembe akadzakuuza kuti akuifuna. Pasipoti nayo ingadikire. Mphamvu zako uziike pa Chingerezi, masamu ndi sayansi, pakuti ngakhale kuno NCHE imafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Uziwerenga nyuzipepala ndi mabuku kupatula notsi za m'kalasi, ndipo uzilemba ndime imodzi ya Chingerezi tsiku lililonse n'kuwapempha aphunzitsi akukonzere. Ngati pali chimene ukuchita pasukulu kapena pamudzi, kaya kuphunzitsa ana a pulayimale masana, kaya kutsogolera kalabu yodzala mitengo, uzilemba m'kope tsiku ndi zimene zachitika, chifukwa udzazifuna podzaza mafomu ndipo udzakhala utaiwala. Utsegule imelo ya dzina lako lenileni, osati la masewera.

Chinthu china chimene chavutitsa ana ambiri ndi maina. Dzina ndi tsiku lobadwa zimene zili pa chiphaso chako cha unzika cha ku NRB zifanane, chilembo ndi chilembo, ndi zimene zidzalembedwe pa satifiketi ya MANEB, chifukwa pasipoti idzatsata chiphasocho ndipo a kunja akaona kusiyana amaimitsa fomu. Ukadzafika Fomu 4, tsiku limene aphunzitsi aakulu adzabweretse mndandanda wa olembetsa mayeso kuti aliyense atsimikize dzina lake, udzatenge chiphaso chako m'manja, uyerekeze ziwirizo mofatsa, ndipo pakakhala cholakwika uwauze tsiku lomwelo usanasaine.